Nyimbo zakale za Vocaloid: yanu imene imakubwezani m'mbuyo ndi iti?

Tiyamike
Moni nonse. Ndikufuna tikambirane za nyimbo zakale za Vocaloid, pulogalamu yoimbitsa kompyuta ija, zija za pakati pa 2007 ndi 2012. Ana a masiku ano akuzipeza pa TikTok zitadulidwa, kachidutswa kochepa chabe, osadziwa amene anazipeka kapena kumene zinachokera, ndipo zimandiwawa. Ine imene imandigwira mtima mpaka lero ndi Melt ya ryo, imene inatuluka pa 7 December 2007, patangopita miyezi itatu Hatsune Miku, amene ndi mawu a mtsikana a mu pulogalamuyi, atayamba kugulitsidwa. Mawu ake ndi opyapyala, achitsulo, koma ikangoyamba ndimamva fungo la kalasi yathu ya Fomu 3. Inu yanu ndi iti? Ndipo munaipeza bwanji, poti nthawi imeneyo intaneti kwathu kuno inali ya anthu owerengeka?

Kondwani_Jozi
Asisi mwayambitsa nkhani yabwino. Ine ndinazipeza pa memori khadi ya mnzanga ku hositelo, zitasakanikirana ndi nyimbo za anime. Tinkatumizirana pa Bluetooth, ndipo mayina a nyimbo, poti anali m'zilembo za Chijapani, foni inkangoonetsa timabokosi. Ndiye tinkazitchula ndi manambala basi. Yanga inali Rolling Girl ya wowaka, ya mu February 2010. Piyano imathamanga, ng'oma sizipuma, mawu a Miku n'kukwera kufika pamene khosi la munthu silingafike bwinobwino. Chijapani sindinkamva ndi liwu limodzi lomwe, koma ndinkadziwa kuti ikunena za munthu amene watopa kwambiri koma akuti ayesenso kamodzi. Patapita zaka nditawerenga tanthauzo lake ndinapeza kuti ndi momwemodi.

Thoko_19
Pepani akuluakulu, ine ndi wa posachedwa. Miku ndinamudziwira mu gemu ya pa foni ija ya Project Sekai. Kodi si AI yomwe ija yoti ukalemba chiganizo imakutulutsira nyimbo yonse? Anzanga kusukulu amatero.

Kondwani_Jozi
Ayi mphwanga, ndipo pamenepa ndi pamene pagona nkhani yonse. Vocaloid ndi pulogalamu ya Yamaha, kampani yomwe ija ya makiyibodi amene timawaona m'matchalitchi. Ntchito yake inayamba mu 2000, motsogozedwa ndi Kenmochi Hideki, mothandizana ndi yunivesite ya Pompeu Fabra ku Barcelona. Zimene anachita ndi izi: amatenga munthu weniweni n'kumujambula mu situdiyo akutchula timaphatikizo ta mawu tambirimbiri, kenaka n'kutidula n'kutisunga. Kwa Miku munthu ameneyo ndi Fujita Saki. Iwe ukagula pulogalamuyo umapeza tsamba lopanda kanthu. Noti iliyonse uyenera kuijambula wekha ndi mausi, n'kulembapo phatikizo limene iimbe, n'kuiuza kutalika kwake, pamene mawu anjenjemere, pamene atsetsereke kupita pa noti ina, pamene apume. Ukapanda kuchita zimenezo umangomva mawu ouma, ofanana kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Nyimbo, mawu, zoimbira, kusakaniza, zonse ndi mutu wako. N'chifukwa chake Miku wa ryo ndi Miku wa wowaka ungawasiyanitse ndi khutu ngakhale onse anagula bokosi lofanana.

Mawu oyamba kugulitsidwa sanali a Chijapani n'komwe. Anali Leon ndi Lola, a Chingerezi, mu 2004, opangidwa ndi Zero-G ya ku Britain. Chaka chomwecho kunabweranso Miriam, wochokera pa mawu a Miriam Stockley, amene anabadwira kuno ku Johannesburg. Koma sizinayende malonda kwenikweni.

Mwayi_Sapporo
Ndiwonjezere pa zimene anena achimwene a Kondwani. Kampani ya Miku, Crypton Future Media, ili mumzinda umene ndikuphunzira uno wa Sapporo. Asanatulutse Miku anali atatulutsa kale Meiko mu 2004 ndi Kaito mu 2006, ndipo Kaito poyamba anthu sanamulabadire. Miku anatuluka pa 31 August 2007, ali ndi chithunzi chojambulidwa ndi KEI chomuonetsa ngati mtsikana wa zaka 16 wa tsitsi lalitali lobiriwira, ndipo mwayi wake unali woti anapeza bwalo litasesedwa kale. Bwalo lake linali Nico Nico Douga, tsamba la mavidiyo limene linayamba kumapeto kwa 2006, kumene ndemanga za anthu zimayenda pamwamba pa vidiyo yeniyeniyo, pa sekondi imene munthuyo analembera. Ukamaonera nyimbo ya 2008 lero, umaona ndemanga zikudutsa pa malo omwewo amene nawe wamva kukoma, ndiye sumva kuti uli wekha.

Pa tsamba limenelo wina ankaika nyimbo, mawa wina wajambula zithunzi, wina wapanga vidiyo, wina waiimba ndi mawu ake, wina wavina. Ambiri sankadziwana nkhope ndipo panalibe amene ankalipira mnzake. Nyimbo ikafika pa anthu 100,000 oionera inkalowa m'gulu laulemu, ikafika 1 miliyoni ankaitcha nthano. Kuno chaka chilichonse mu February pa chikondwerero cha chipale chofewa amasema Miku wamkulu, ndipo amene amaima nthawi yaitali pamenepo ndi anthu a zaka za m'ma 30, ena atanyamula ana.

Bambo Mbewe
Ana anga, ine ndinalowa pa gulu pano chifukwa cha mwana wanga wamkazi, kuti ndizidziwa zimene amamvera. Ndaphunzitsa kwaya kwa zaka zambiri. Ndamvera Melt imene yatchulidwayo kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Wopekayo amadziwa ntchito yake, zimenezo sindikana, kayendedwe ka nyimboyo n'kabwino. Koma funso langa ndi ili: munthu ungasowe bwanji mawu amene sanatuluke m'chifuwa? Ine ndikakumbuka nyimbo zakale ndimakumbuka munthu amene ankaimba, mmene ankakokera mpweya, tsiku limene mawu anamuthera pa maliro a mbale wake koma anapitirizabe. Apa palibe chifuwa, palibe misozi. Mukusowa chiyani kwenikweni?

Tiyamike
Bambo, zikomo kuti mwamvera musanaweruze, ambiri satero. Ine ndikuona kuti chifuwa chilipo, koma si cha woimbayo, ndi cha wopekayo. Ambiri mwa anyamata ndi atsikana amenewa anali anthu oti sakanatha kuima pamaso pa gulu, analibe bandi, analibe ndalama ya situdiyo, ena mawu awo sanali oimbira. Nyimbo zinali m'mutu mwawo koma kunalibe woti aziimbe. Ndiye ankakhala usiku m'kachipinda kawo n'kumakonza noti imodziimodzi mpaka itamveka mmene ankaimvera mumtima. Ndikamamva Miku akupuma pakati pa mzere, ndimadziwa kuti pali munthu amene anasankha kuti apume pamenepo, pomwe pulogalamuyo sifuna mpweya n'komwe. Munthu ameneyo ndi amene ndimamusowa.

Bambo Mbewe
Ndakumvani mayi. Koma ndiye kuti mukugwirizana nane kuti mawuwo pawokha ndi chida, ngati kiyibodi.

Kondwani_Jozi
Ndi chida ndithu bambo, ndipo opeka abwino sankabisa zimenezo. Mumvereko The Disappearance of Hatsune Miku ya cosMo, ya 2008. Imathamanga pa liwiro la mabiti 240 pa miniti, mawu akukhuthuka mosalekeza popanda popumira, ndipo anaipanga dala kuti ikhale yoti munthu sangaiimbe mosavuta. Nkhani yake ndi ya pulogalamu imene ikudziwa kuti ikufufutidwa mu kompyuta ndipo ikuyesa kunena zonse nthawi isanathe. Nyimbo imeneyo ikanaimbidwa ndi munthu sikanapweteka choncho. Imapweteka chifukwa woimbayo ndi chinthu chomwecho chimene nyimboyo ikunena.

Dalitso_Chipata
Muli bwanji nonse. Ine zanga zinali zija zofotokoza nthano. Kagamine Rin ndi Len, amene anatuluka pa 27 December 2007, onse awiri kuchokera pa mawu a mayi mmodzi, Shimoda Asami. Servant of Evil ya mothy, ya 2008, ya mnyamata amene amafa m'malo mwa mlongo wake wamapasa, tinkaionera pa kompyuta ya mu cafe, zithunzi zosayenda n'komwe, mawu a Chingerezi olembedwa pansi ndi munthu wongodzipereka. Ndinalira pamaso pa anthu. Ina ndi Kokoro, ya loboti imene inapatsidwa mtima mwini wake atamwalira kalekale. Mawu a Rin a nthawi imeneyo anali ovuta kumva, akuthwa, koma sitinkasamala. Manje ndikamvera zomwezo zitakonzedwanso ndi mawu atsopano osalala, china chake chimasowa.

Pempho_Leeds
Bambo Mbewe, ndikuuzeni zimene ndinaona ndi maso. Mu December 2018 konsati ya Miku Expo inafika ku London, ku Olympia. Pa siteji panali bandi ya anthu enieni, oimba gitala, ng'oma ndi kiyibodi, ndipo pakati pawo galasi loonekera mkati pamene ankaonetsapo Miku. Aliyense m'holo ankadziwa kuti pa galasipo palibe munthu. Koma nyimbo zakale zikayamba, holo yonse inkaimba pamodzi m'Chijapani, anthu ochokera m'mayiko osiyanasiyana, timiuni tobiriwira tili m'mwamba. Mayi amene anaima pafupi nane ankalira osabisa. Ndinamvetsa kuti aliyense wa ife ankamvera nyimbozi ali yekha m'chipinda, zomvera zili m'makutu, akuganiza kuti palibenso wina wozikonda, ndipo tsiku limenelo tinaonana. Chifuwa chimene mukufunsacho chinali chathu.

Thoko_19
Achimwene a Kondwani, wowaka mwamutchula uja akupangabe nyimbo? Ndamvera Rolling Girl pompano ndipo ndikufuna zina.

Kondwani_Jozi
Anatisiya mphwanga. Anamwalira pa 5 April 2019, mtima unangoima, ali ndi zaka 31. Pepa kuti wamva choncho.

Nyimbo zake za Vocaloid anazipanga m'nthawi yochepa kwambiri, kuyambira 2009, ndipo mavidiyo ake anali a zithunzi zakuda ndi zoyera, opanda zokometsera. Fufuza Ura-Omote Lovers ndi World's End Dancehall. Kenaka anasiya, n'kuyambitsa bandi yotchedwa Hitorie kumene ankaimba ndi mawu ake. Anthu ambiri anayamba kutengera kaimbidwe kake kothamanga kaja moti mpaka lero ukamva nyimbo yatsopano ya Vocaloid ya piyano yofulumira, dziwa kuti muli dzanja lake. Anabwerera kwa Miku mu 2017, pa zaka 10 za Miku, ndi Unknown Mother Goose, ndipo kumbuyo kwa mawu a Miku kumamveka mawu a anthu akuimba pamodzi. Imeneyo sinditha kuimvera ndili pa ntchito.

Ndipo si yekha. samfree, amene anapanga Luka Luka Night Fever, anamwalira mu September 2015, nayenso ali ndi zaka 31. Shiina Mota anamwalira mu July chaka chomwecho ali ndi zaka 20 zokha. Miku akadali ndi zaka 16 zomwe zija, mawu ake sanasinthe, koma anthu amene anamuphunzitsa kuimba akupita mmodzimmodzi. Ndikamati nyimbo zakale zimandipweteka ndimatanthauza zimenezi.

Mwayi_Sapporo
Ena sanamwalire koma anachoka. Hachi, amene anapanga Matryoshka mu 2010, ndi Yonezu Kenshi, mmodzi mwa oimba otchuka kwambiri ku Japan lero, mwini Lemon ya 2018. Anthu ambiri kuno amamudziwa osadziwa kuti anayambira pa Miku. Mu 2017 nayenso anabwerera ndi Suna no Wakusei, imene inafanizira dziko la Vocaloid ndi chipululu cha mchenga, ndipo inakwiyitsa opeka achinyamata amene ankati ife tilipo, tikugwira ntchito, inu ndi amene munachoka. Mkangano umenewo unali wabwino chifukwa patapita zaka zochepa kunabuka m'badwo wina wamphamvu. Ayase wa gulu loimba la YOASOBI ndi n-buna wa gulu la Yorushika onse anayambira pa Vocaloid, ndipo Ado anayamba ndi kuimba nyimbo za Vocaloid pa intaneti.

Thoko_19
Ndiye ndinene maganizo anga mosaopa. Ine mawu atsopano ndimawakonda kuposa akale. Kasane Teto wa pa Synthesizer V, pulogalamu ina yoimbitsa kompyuta, amamveka bwino, liwu lililonse limamveka. Akale aja pena amandipweteka m'makutu. Mwina inu mumawakonda chifukwa munali ana nthawi imeneyo, osati chifukwa ndi abwino.

Tiyamike
Nena ndithu Thoko, gulu ndi la tonse. Mbali ina ukunena zoona, ubwana wathu uli m'menemo. Koma si zokhazo. Pulogalamu yakale inali youma mutu, ndiye aliyense ankapeza njira yakeyake yoigonjetsera, ndipo njira imeneyo ndi imene inkakhala chizindikiro chake. Yatsopano imakupatsa mawu okoma usanagwire kalikonse, ndiye nyimbo zambiri zimafanana kamvekedwe. Sindikuti zonse. Mesmerizer ya chaka cha 2024 ndinaikonda, ndipo mwa Miku ndi Teto m'menemo mukumveka kuti munthu anakhalira pansi.

Dalitso_Chipata
Ndipo Teto amene ukumukondayo ndi wakale mphwanga. Anayamba mu 2008 ngati bodza la pa 1 April, anthu a pa 2channel, tsamba lokambirana la ku Japan, ananamiza anzawo kuti kwatuluka Vocaloid watsopano. Bodzalo litaululika anthu anakana kumutaya, n'kumupatsa mawu pa UTAU, pulogalamu yaulere imene inatuluka chaka chomwecho, imene aliyense angajambulirepo mawu ake. Anakhala zaka 15 ali ndi mawu okhakhala aja asanalowe mu Synthesizer V mu April 2023. Kwa ife amene tinalibe ndalama yogulira Vocaloid, UTAU ndi Teto ndi amene anali athu.

Kondwani_Jozi
Pa UTAU pomwepo, ine ndakhala ndikuyesa kuimbitsa mawu a Chijapani nyimbo za Chichewa, ndipo zimatheka kuposa mmene mungaganizire. Chijapani chili ndi a, e, i, o, u ngati ife, ndipo pafupifupi phatikizo lililonse limathera pa mavawelo amenewa. R wawo ali pakati pa l ndi r, choncho amatikwanira bwino. Mavuto amabwera pa kh, ph ndi th, chifukwa iwo sasiyanitsa k ndi kh, ndiye umafunika kuwonjezera kampweya pamanja. Pa mb, nd ndi nj umaika kanoti kakafupi kwambiri ka m kapena n patsogolo. Zovuta zenizeni ndi ng', psy ndi bz. Mawu a Chingerezi ndi amene amakanika kutheratu, amapotoza mavawelo onse.

Bambo Mbewe
Apa mwandikopa chidwi a Kondwani. Kodi chinthu chimenechi chingaimbe mbali zinayi, soprano, alto, tenor ndi bass, iliyonse payokha? Vuto langa ku kwaya ndi loti ambiri sawerenga manoti, ndipo ine mawu a soprano sindingawafikenso. Mbali iliyonse itakhala pa foni ndi mawu ake enieni a nyimboyo, anthu akanamaphunzira kunyumba.

Koma ndisabise, pali chinthu chimene mwana wanga anandionetsa chimene sindinagone nacho tulo. Woimba wa ku Japan amene anamwalira kalekale, anamuimbitsa nyimbo yatsopano pa TV. Zimenezo ndi zomwezi?

Mwayi_Sapporo
Ameneyo ndi Misora Hibari bambo, anamwalira mu 1989. Mu 2019 Yamaha inagwiritsa ntchito matepi ake akale kuphunzitsa kompyuta kaimbidwe kake, ndipo wailesi ya kanema ya NHK inaonetsa nyimbo yatsopano, Arekara, pa pulogalamu yawo yaikulu ya usiku wa pa 31 December. Okalamba ambiri analira ndi chisangalalo, ena anakwiya kwambiri, kuphatikizapo oimba anzake, ndipo mpaka lero anthu sagwirizana. Ine ndikuona kuti ndi zosiyana ndi Miku. Fujita Saki anavomera ali moyo, akudziwa chimene akuchita, ndipo Miku sananamizirepo kukhala iye. Misora Hibari sanafunsidwe. Pakati pa nyimboyo anamulankhulitsanso mawu kwa omvera, ndipo pamenepo ndi pamene ine ndinazimitsa.

Bambo Mbewe
Munachita bwino. Wakufa tiyenera kumusiya agone. Atatero ndi woimba wathu aliyense amene anatisiya, ine sindingamvere, ngakhale abale ake atavomera. Munthu mawu ake ndi ake, ndipo zimene sananene ali moyo tisamunenetse.

Pempho_Leeds
Ine pamenepo ndimakayikakayika bambo. Mayi anga anamwalira ndili wamng'ono ndipo ndilibe ngakhale kachidutswa ka mawu awo. Wina atandiuza kuti ndingawamvenso akuimba, sindikudziwa ngati ndingakane. Sindikuti ndi zoyenera. Ndikungoti ndimawamvetsa agogo amene analira aja.

Bambo Mbewe
Pepani mwana wanga. Pamenepo ndilibe chokuyankhani.

Tiyamike
Pepa Pempho. Zikomo kuti watiuza.

Mwayi_Sapporo
Chinthu china chimene ndikufuna tisaiwale ndi chakuti nyimbo zimenezi zikhoza kutayika. Pa 8 June 2024 zigawenga za pa intaneti zinaukira makompyuta a Kadokawa, eni ake a Niconico (Nico Nico Douga ija), ndipo tsambalo linatsekedwa mpaka pa 5 August. Miyezi iwiri imeneyo anthu kuno anali ndi mantha kuti mavidiyo a 2007 ndi ndemanga zake zapita. Mwamwayi zinabwerera. Zotchuka ngati Senbonzakura ya 2011 kapena Tell Your World sizingasowe, zili paliponse. Zimene zimandidetsa nkhawa ndi zija zoti wopeka anaika nyimbo ziwiri kapena zitatu, anthu ochepa n'kuzimva, iye n'kupeza ntchito n'kusiya. Akafufuta akaunti yake, basi. Pali nyimbo ya Luka, Vocaloid wina wa Crypton, imene ndinkaikonda, ya piyano yokha, imene ndaifufuza m'njira zonse kuno komwe inachokera koma sindinaipezenso.

Dalitso_Chipata
Achemwali a Mwayi, mukukumbukako kayendedwe kake? Ndili ndi hard drive yakale imene ndinakoperamo foda yonse ya mu cafe ija asanatseke. Muli za Luka zambiri zopanda mayina. Mutaiimba pang'ono pa voice note ndikhoza kufufuza.

Mwayi_Sapporo
Ndikukumbuka poyambira pake ndi kolasi. Ndikutumizirani madzulo ano ndikaweruka. Inali ya pakati pa 2009 ndi 2010, chifukwa Luka anatuluka mu January 2009 ndipo ndinaimva akadali watsopano.

Tiyamike
Aliyense amene ali ndi memori khadi kapena flash yakale asafufute chonde. Tikapeza dzina la wopeka tizililemba pa fayilo, ndipo ngati nyimbo yake ikadali pa tsamba lake tizimvera kumeneko kuti aziona kuti alipo amene akumukumbuka. Thoko, iwe yamba ndi zimene zatchulidwa panozi, uwonjezerepo Just Be Friends ndi Double Lariat, zonse za Luka za 2009. Uzimvere mmene zinatulukira poyamba, osati zokonzedwanso.

Thoko_19
Ndatsegula kale Double Lariat asisi. Bando ikalola ndimaliza zonse usiku uno. Koma Teto watsopano sindimusiya.

Kondwani_Jozi
Usamusiye, palibe wakuletsa. Bambo Mbewe, za mbali zinayi zija n'zotheka. Soprano ndi alto zituluka bwino, tenor nayonso, koma bass imamveka yopepuka pa mawu amene ndili nawo, ndiye mwina imeneyo mudzaimbe nokha n'kunditumizira kuti ndiiphatikize. Munditumizire nyimbo imodzi yaifupi, manoti ake a do re mi ndi mawu ake, mulembenso pamene kwaya yanu imapumira kuti ndiike mpweya pa malo oyenera. Ngati ili ndi ng' wambiri mundichenjeze.

Bambo Mbewe
Ndijambula tsamba la m'kope langa mawa kukawala, muone ngati malembedwe anga akuwerengeka. Ili mu kiyi ya F, mavesi atatu. Ng' alimo pawiri, mu vesi yachiwiri.